Kajambulidwe ka Pensulo ka Moyo wa Tsiku ndi Tsiku m'Chigwa cha Shire

Anthu ambiri a kumtunda akamva dzina la Chikwawa kapena Nsanje, m'maganizo mwawo mumabwera zithunzi za madzi osefukira, matenti ndi mizere ya anthu oyembekezera thandizo la ufa. Zithunzi zimenezo si zabodza ayi, pakuti tinazionadi m'chigumula cha mu Januwale 2015, tinazionanso pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Koma makamera amabwera kuno masiku a tsoka okha, ndipo madzi akaphwa amabwerera kwawo. Masiku ena onse a chaka amene mnyamata wa kabaza amadikira kasitomala pa Nchalo uku akudina foni, amene mayi amabwera kuchokera kumjigo atasenza chigubu chachikasu, amene ngolo yodzaza thonje imapatukira minibasi pamsewu wa ku Ngabu, sasungidwa paliponse. Masiku amenewa ndi amene munthu wa pensulo angathe kuwasunga, ndipo malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuyamba ntchitoyo ali konkuno kuchigwa.

Achinyamata ambiri amene amandionetsa zojambula zawo anakopeka ndi ntchito za akatswiri monga Kelvin Okafor, wobadwira ku London mu 1985 kwa makolo a ku Nigeria, ndi Arinze Stanley wa ku Lagos, amene amajambula nkhope za anthu mwaluso loti munthu amayamba wakana kuti ndi ntchito ya manja. Luso lawo ndi lenileni ndipo limadya maola ochuluka pa chithunzi chimodzi. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti wachinyamata wa kuno akawaona, amathamangira kukopera nkhope za oimba ndi osewera mpira a kunja kuchokera pa foni, n'kusiya agogo ake amene akuluka mkeka pakhonde pomwepo. Nkhope ya woimba wotchuka yajambulidwa kale ndi anthu zikwizikwi, pamene agogowo palibe amene anawajambulapo. Choncho yambani ndi zimene maso anu akuona, ngakhale poyamba zidzatuluka zopindika.

Zida za ntchitoyi n'zochepa. Mtima wakuda wa pensulo umapangidwa posakaniza mwala wofewa wotchedwa graphite ndi dongo, njira imene Mfalansa wina, Nicolas-Jacques Conté, anaitulukira mu 1795. Mwala womwewu uliponso m'nthaka ya dziko lathu, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Dongo likachuluka, pensulo imalimba ndipo imalemba motuwa. Imeneyo ndiyo imakhala ndi chilembo cha H. Dongo likachepa, pensulo imafewa n'kumalemba mwakuda, ndipo imakhala ndi chilembo cha B. Nambala ikamakwera, khalidwelo limakulanso, kotero 6B ndi yakuda ndi yofewa kuposa 2B. Pensulo ya HB, imene ana amalembera kusukulu ndipo imapezeka m'golosale iliyonse, ili pakatikati. Musavutike kufunafuna bokosi lathunthu. Mapensulo atatu, HB, 2B ndi 6B, akukwanirani kwa chaka chonse choyamba, ndipo ngati awiri enawo sakupezeka pafupi, tumani amene akukwera ku Blantyre kuti akakugulireni m'masitolo ogulitsa zolembera.

Posongola gwiritsani ntchito lezala kapena kampeni m'malo mwa chosongolera cha ana asukulu, chifukwa chosongolera chimathyola mapensulo ofewa ndipo chimasiya nsonga yaifupi. Sengani mtengowo pang'onopang'ono, mpeni ukuloza kutali ndi thupi lanu, mpaka mtima wakuda utuluke pafupifupi sentimita imodzi, kenako noleni nsongayo poikhuza pa mbali yokhakhala ya bokosi la machesi. Nsonga yotereyi imakupatsani zinthu ziwiri: kumapeto kwake kumalemba mzere woonda, pamene m'mbali mwake, mukaigoneka, mumapaka mthunzi wotambalala. Labala muidule ndi lezala mopendekera kuti ikhale ndi mbali yakuthwa, pakuti ntchito yake yaikulu idzakhala kutulutsa timizere toyera pamalo amene mwadetsa kale. Pepala la fotokope la A4, lolemera magalamu 80 pa sikweya mita (80gsm), ndi lokwanira pophunzira, koma silipirira kufufuta kawirikawiri. Chithunzi chimene mukufuna kuchisunga kapena kugulitsa chifunika pepala lochindikala, la magalamu 150 pa sikweya mita kapena kuposerapo, lokhala ndi kukhakhala pang'ono kuti pensulo izigwira. Pezaninso kathabwa kosalala kotsamirapo, ndipo pepalalo muzilipana ndi mapegi oyanikira zovala, chifukwa mphepo ya fumbi ya kuno siichenjeza.

Nyengo ya chigwa imalamula nthawi yogwirira ntchito. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo thukuta la m'manja likagwera papepala limasiya banga limene pensulo siigwirapo bwino ndiponso labala siichotsa. Ikani kapepala kena pansi pa dzanja lolembera nthawi zonse, ndipo ngati mumalembera dzanja lamanja, yambirani kumanzere kwa chithunzi kuti musamakwekwese zimene mwamaliza. Dzuwa la masana likakhala paliwombo, mthunzi wa munthu umabisala kumapazi kwake, maso amalowa mumdima, ndipo zinthu zonse zimaoneka zaphwatalala. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo kuyambira cha m'ma 3 koloko, pamene kuwala kumachokera m'mbali n'kuonetsa mbali imodzi ya nkhope yowala, ina yakuda. Khalani pamthunzi, dzuwa likhale kumanja kapena kumanzere kwanu. Likakhala kumbuyo kwanu mithunzi imabisika, ndipo likakhala kutsogolo mumangoona anthu ngati zitsa zakuda.

Musanatulutse pensulo pagulu, pemphani chilolezo. Ndikunena izi chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Tsiku lina la msika ndinakhala pa benchi moyang'anana ndi mayi wina wogulitsa milamba yowamba, n'kuyamba kumujambula osanena kanthu, ndikuganiza kuti ndikamuuza asintha kakhalidwe kake. Mayiyo ataona kuti ndikumuyang'anitsitsa uku ndikulemba, anadziphimba kumaso ndi chitenje, anzake anaimirira, ndipo posakhalitsa ndinazunguliridwa ndi anthu ofuna kudziwa amene wandituma ndi kumene ndikupita nalo dzina lake. Cholakwa chinali changa, ndipo akuluakulu ananena kale kuti safunsa anadya phula. Kuyambira tsikulo ndimayamba ndapereka moni, nthawi zina n'kugulako kanthu, kenako ndimati, "Amayi, ine ndimaphunzira kujambula pamanja, si kamera ayi. Kodi mungandilole ndikujambuleni mukugulitsa? Inu pitirizani ntchito yanu, ndikamaliza ndikuonetsani." Mawu akuti "pamanja" ndi ofunika kwambiri, chifukwa m'chinenero chathu kujambula ndi mawu amodzi pa kamera ndi pa pensulo. Onetsani zojambula zanu zakale kuti aone chimene mukunena. Wina akakana, thokozani n'kuchoka osanyinyirika. Mwana musamujambule musanalankhule ndi kholo lake, ndipo kumudzi kumene simukudziwika kaonekereni kaye kwa amfumu.

Anthu a pamsika sakhala phee, choncho phunziro loyamba ndi kujambula mofulumira. Gwirani pensulo ya 2B chakumapeto, momasuka, osati pafupi ndi nsonga monga polemba kalata, ndipo dzanja liziyenda kuchokera pachigongono. Dzipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri pa munthu aliyense. Musayambe ndi maso kapena mphuno. Yambani ndi mzere umodzi wochokera pamutu, kutsika ndi msana, mpaka phazi limene lanyamula thupi, kenako ikani mzere wa mapewa ndi wa chiuno. Taonani mayi wosenza chigubu cha malita 20, chimene chikadzaza chimalemera makilogalamu 20: khosi lake limaima chilili osagwedera, chibwano chimatsika pang'ono, mkono umodzi umakwera kukagwira chigubucho, ndipo kuyenda konse kumachitikira m'chiuno. Mukagwira mizere itatu imeneyo, munthu aliyense wa kuno adzazindikira kuti chigubucho n'chodzaza ngakhale simunajambule madzi. Dzazani mapepala ambiri ndi zoterezi osafufuta kalikonse. Mzere ukalakwika, lembani wolondola pambali pake n'kupitiriza.

Mukazolowera zimenezo, phunzirani kuyeza. Tambasulani mkono wonse, pensulo ili choimirira, tsinzinani diso limodzi, ndipo ikani nsonga pamwamba pa mutu wa munthuyo, chala chachikulu pachibwano chake. Umenewo ndiwo muyeso wa mutu. Tsitsani muyesowo m'thupi lonse ndipo mudzapeza kuti munthu wamkulu woimirira amakwana mitu isanu ndi iwiri kapena kuposerapo pang'ono, pamene mwana wamng'ono amakwana inayi kapena isanu yokha. N'chifukwa chake ana ojambulidwa ndi ongoyamba kumene amaoneka ngati madoda aafupi: mitu yawo imachepetsedwa. Pankhope, maso amakhala pakati penipeni pa mutu, osati kumtunda monga mmene dzanja limafunira kuwaika. Mkono uyenera kukhala wotambasuka mofanana nthawi iliyonse imene mukuyeza, apo ayi miyeso yanu idzasemphana.

Chigwa chathu chili ndi mwayi umodzi umene anzathu a kumapiri alibe, ndiwo kusalala kwa dziko. Mukaimirira pamsewu wa M1 pakati pa Dyeratu ndi Bangula, pali malo ambiri amene mumaona patali pamene dziko likuoneka ngati lakumana ndi thambo. Mzere umenewo umakhala pa msinkhu wa maso anu nthawi zonse, ndipo uyenera kukhala woyamba kulembedwa papepala, mopepuka ndi HB. Ngati mwaimirira pamalo osalala, mitu ya anthu onse aakulu oimirira, apafupi ndi akutali omwe, imagwera pafupi ndi mzere umenewo. Chimene chimasintha ndi mapazi awo, amene amakwera m'mwamba papepala munthu akamatalikira. Lamulo limeneli lokha limakonza chithunzi cha gulu la anthu pamsika. M'mbali mwa msewu, mizere ya malata a magolosale ndi mapolo a magetsi zonse zimaloza malo amodzi pa mzere womwewo. Mapiri a ku Thyolo amene amaoneka kutsidya la kum'mawa kwa Shire muwajambule motuwa kwambiri, opanda mizere yakuthwa, makamaka m'chilimwe pamene fumbi ndi utsi wa minda ya nzimbe yotenthedwa zimaphimba mlengalenga. Chinthu chikakhala pafupi chimada ndi kuoneka bwino, chikatalikira chimatuwa.

Tsopano tifike pa njinga ya kabaza, imene ndimaiona ngati mayeso enieni a wojambula wa kuchigwa, popeza palibe chithunzi cha Nchalo, Ngabu kapena Nsanje boma chimene chingakhale choona popanda iyo. Ambiri amaiopa ndipo amaibisa kuseri kwa anthu. Yambani ndi matayala. Mukaiona cham'mbali ndendende, matayala ndi ozungulira ofanana kukula, ndipo mpata wa pakati pawo ndi pafupifupi theka la tayala kapena kuposerapo pang'ono. Ongoyamba amautalikitsa mpatawo mpaka njinga imaoneka ngati ngolo. Mukaiona chopendekera, matayala amasanduka obulungira motalika ngati lichero loonedwa cham'mbali, ndipo lapafupi limakula kuposa lakutali. Musayese kulemba tayala ndi mzere umodzi wolimba. Zungulizani dzanja m'mwamba kangapo pensulo isanakhudze pepala, kenako itsitseni mopepuka, mizere ingapo igwere pamodzi, n'kusankhapo wolondola. Thupi la njinga ndi magawo awiri a makona atatu olumikizana pa chitsulo chotsika kuchokera pachishalo kufika pamapedulo. Masipoko alipo oposa 30 pa tayala lililonse, koma mukawajambula onse njingayo imauma. Ikani ochepa okha, ena muwatulutse ndi mbali yakuthwa ya labala pamene akunyezimira.

Zimene zimasiyanitsa njinga ya kabaza ndi njinga wamba zili kumbuyo ndi kuhandulo, ndipo apa mpofunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani khushoni ya pakaliyala mmene yaphwera pakati chifukwa cha anthu amene akhalapo, mphonje zimene mwini wake anakongoletsera m'mbali, tizitsulo topondapo wokwera, kagalasi ka pahandulo, mawu olembedwa pa chotchinga matope, ndi malo amene anamangapo ndi mphira ya chubu chakale. Njinga iliyonse ili ndi zake, ndipo mwini wake adzaizindikira pachithunzi asanazindikire nkhope yake. Yang'ananinso mmene mayi wovala chitenje amakhalira cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, mwana ali kumbuyo, thumba lili pamiyendo, pamene wopalasa waweramira kutsogolo, mtsempha wa katumba utatuluka. Tayala lakumbuyo limaphwatalala pang'ono pamene lakhudza pansi, ndipo pansi pake pamakhala kamthunzi kakuda kwambiri. Mukaiwala kamthunzi kameneko, njinga ndi anthu ake amaoneka ngati akuyandama.

Kupaka mithunzi ndi kumene kumapatsa chithunzi thupi. Musanayambe, lembani timabokosi tisanu m'mphepete mwa pepala, koyamba mukasiye koyera, komaliza mukadetse mmene 6B ingathere, ndipo tapakatipo tizida motsatana. Tsinzinani maso pang'ono poyang'ana chimene mukujambula, ndipo tinthu ting'onoting'ono tidzazimirira n'kutsala madera owala ndi akuda okha. Dera lililonse mulifanizire ndi kabokosi kake. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kudetsa khungu la munthu wakuda mofanana paliponse ngati khoma lopakidwa phula. Khungu lathu padzuwa la kuno lili ndi kuwala kwakukulu pamphumi, pamsonga pa mphuno, pamasaya ndi pamapewa, makamaka likakhala ndi thukuta, ndipo pansi pa chibwano pamabwerera kuwala kofatsa kochokera ku mchenga wotuwa. Malo owala kwambiriwo muwasiye oyera kuyambira pachiyambi, chifukwa pepala lofufutidwa silibwerera kuyera kwake koyamba. Yambani ndi HB mopepuka, onjezani 2B pamwamba pake, ndipo 6B muisunge kufikira kumapeto, ya m'mphuno, pakati pa milomo, m'mapindo akuya a chovala ndi pansi pa zinthu. Mdima umabwera poonjezera kangapo, osati potsindika. Mukatsindika kwambiri, pepala limaphwanyika ndipo malowo amanyezimira ngati poto wa chitsulo.

Posalaza mthunzi musagwiritse chala, pakuti mafuta a khungu amamatiza pensulo papepala n'kusiya mabanga. Ife a kuchigwa tili ndi chida chabwino m'minda mwathu momwe: tengani thonje loyera lochotsedwa njere, kulungani pang'ono kumutu kwa kamtengo ka machesi, ndipo mudzasalaza nalo tsaya kapena thambo mofatsa. Pamalo aang'ono pindani kapepala mothina mpaka kakhale ndi nsonga. Koma musasalaze chilichonse. Khungu la mwana lifuna kusalala, pamene khungwa la mlambe, udzu wa denga, dengu ndi nkhope ya nkhalamba zimafuna kuti mizere ya pensulo izioneka. Maluwa a chitenje muwajambule mutamaliza mapindo ake, ndipo azitsatira kupindika kwa nsaluyo, kuduka pamene yapindika ndi kutulukiranso mbali ina. Madzi a Shire amajambulidwa ndi mizere yogona yokha, yotalikirana pafupi ndi inu, yothinana kutali, ndipo mthunzi wa bwato umagwera pansi pake molunjika, wodukaduka.

Foni ingathe kukuthandizani ngati muigwiritsa ntchito moyenera. Wa kabaza akapeza kasitomala sangakudikireni, choncho mutapempha chilolezo mungathe kutola chithunzi choti mukamalizire kunyumba. Komabe yambani mwajambula pamanja pamalo pomwepo, ngakhale mizere yochepa, chifukwa kamera ya foni imakulitsa zinthu zapafupi, imapinda za m'mphepete, ndipo imadetsa mithunzi mpaka zam'kati mwake zimasowa. Lembani m'mbali mwa pepala kumene dzuwa linali ndi zimene munaona mumthunzimo.

Pali chiyeso china chimene chimabwera munthu akayamba kugulitsa. Ogula ena amafuna mudzi wopanda foni, wopanda pulasitiki, wa mtsuko wadothi ndi mtondo basi, ndipo wojambula amayamba kuchotsa zinthu zimene akuona kuti akondweretse wogula. Ine ndikuti musachotse. Ngati padenga la udzu pali kasola kotchajira foni, kajambuleni. Ngati msodzi wa ku Elephant Marsh wavala jezi ya timu ya mpira ya ku England, ndipo foni yake waimanga m'kajumbo kuti isanyowe, mujambuleni momwemo. Ngati pafupi ndi mayi wogulitsa masawu pali kanyumba kotumizira ndalama pa foni, kasiyeni kaoneke. Zimene muyenera kuchepetsa ndi zimene zikusokoneza diso, monga anthu ochuluka kumbuyo, amene mungawasiye ngati mizere yotuwa yosamalizidwa kuti diso likhazikike pa munthu mmodzi kapena awiri amene nkhani ili pa iwo.

Chithunzi chikatha, lembani kuseri kwake tsiku, malo ndi chimene chinkachitika, mwachitsanzo "Bangula, tsiku la msika, m'mawa", pogwiritsa ntchito pensulo, osati bolopeni, imene inki yake imadutsa pepala pakapita nthawi. Chijambuleninso ndi foni muli pamthunzi wowala, foni italunjika pakati pa pepala, osayatsa kuwala kwake, kuti mukhale ndi china chosungira kwina. Pensulo yokha siifwifwa ndi dzuwa ndipo siisungunuka m'madzi, koma imafufutika ikakhuzidwa, ndipo pepala ndi chakudya cha chiswe ndi nkhungu. Pali mankhwala opopera otchedwa fixative amene amamatiza pensulo papepala. Ena amapopera mankhwala a tsitsi m'malo mwake, koma amenewo amachititsa pepala kusanduka lachikasu pakapita zaka, choncho musawagwiritse pa ntchito imene mukuikonda. Ngati fixative palibe, ikani pepala loyera pakati pa zithunzi ziwiri zilizonse, muzipane pakati pa makatoni awiri olimba kuti zisasisitane, n'kuzilowetsa m'jumbo yochindikala zitauma bwino. Musazisunge pansi pa mphasa kapena m'katoni yokhala pansi. Mvula ikayandikira, cha mu Novembala, jumboyo muiike m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro pamodzi ndi makadi a kuchipatala ndi masatifiketi a sukulu, ndipo ndowayo muipachike kumtanda wa denga, pamalo amene mungaifikire mumdima ndi dzanja limodzi.